Chinangwa chowawa sichikhala cholodzedwa

Sabata yatha ndinali pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja pamene mayi wina anafika ndi ana awiri, wina kumsana, wina akudzandira pambali pake. Onse ankasanza, akudandaula mutu ndi chizungulire. Dzulo lake anagonera nsima ya kondowole. Namwino asanamalize n'kufunsa komwe, amayi a pamzere anali atagamula kale mlandu: pali wina wawathirira mankhwala m'munda.

Bodza limeneli limandipsetsa mtima, chifukwa limadanitsa abale pomwe poizoni wake amachokera m'chinangwa momwemo.

Chinangwa chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin, omwe chimadzitetezera nawo ku tizilombo ndi nyama. Paokha sapweteka kwenikweni. Muli chinthu chinanso chotchedwa linamarase, ndipo chomeracho chimasunga ziwirizi motalikirana, ngati mmene mayi wanzeru amasungira palafini kutali ndi moto. Mukachisenda, kuchipala kapena kuchiviika mpaka kufewa, timakoma tolekanitsa ziwirizi timasweka, zimakumana, ndipo pamatuluka cyanide. Ubwino wake cyanide ameneyu sachedwa kuuluka ngati mpweya, wina amatsalira m'madzi oviikiramo. Fungo lija la pa mtsuko wa chinangwa choviika, limene alendo amatseka nalo mphuno, limasonyeza kuti chavunda bwino ndipo ntchito ikuyenda. Mukachivuula chikadali gwa, poizoni wotsalayo amakamasukira m'mimba mwa mwana.

Nyengo nayo imasintha zinthu. Chaka cha chilala, munda womwewo, mbewu yomweyo, chinangwa chimadzaza poizoni wambiri kuposa chaka cha mvula yabwino. Tsoka lake, ndi chaka chomwecho pamene madzi oviikira amasowa, njala imathina, ndipo banja limavuula chinangwa patangopita tsiku limodzi. Zofanana ndi zimenezi zinachitika m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981: chilala chitavuta, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko nthendayi anaitcha mantakassa. Ku Congo, komwe madokotala anailemba koyamba mu 1938, amaitcha konzo. Yemwe walumala nayo sachira.

Nthendayi imagwira kwambiri osauka pa chifukwa chomveka. Thupi limatha kusukulutsa cyanide wochepa, koma limafuna sulphur wochokera m'zakudya zomanga thupi. Kondowole wa usipa kapena nyemba ndi kondowole wa mchere wokha amasiyana pamenepo.

Ena amati bola kuyanika basi. Ayi. Makaka oyanikidwa zibenthu zikuluzikulu osaviika amauma kunja msanga, poizoni wambiri n'kutsekeredwa m'kati. Mitundunso imasiyana: Manyokola, yemwe ena amati Mbundumali, timatafuna wamuwisi pamsika, koma Gomani ndi wowawa, sadyeka osaviika. Ndipo ngakhale chinangwa chozuna chikayamba kuwawa pa lilime nyengo ya chilala, musachikakamize. Mulingo wovomerezeka padziko lonse ndi mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu ya ufa, koma kumudzi kulibe choyezera, pali lilime ndi zala basi.

Masamba a chinangwa ali ndi linamarin wambiri kuposa mizu. Agogo athu posinja chigwada mumtondo mpaka kusalala asanachiike pamoto sankangofuna kuti chifewe. Kusinjako ndiye kukumanitsa zinthu ziwiri zija, ndipo kuwiritsa mphika uli wosavundikira kumathamangitsa mpweya woipawo.

Ana aja anathandizidwa, ndipo pamene ndinkachoka wamng'onoyo anali atayamba kupempha madzi. Mayi awo anauza namwino kuti anavuula chinangwa msanga chifukwa m'nyumba munalibe chodya china.

Viikani chinangwa chowawa masiku osachepera atatu kapena anayi, mpaka chiziphwanyika ndi zala, ndipo madziwo mutaye. Munthu akayamba kusanza ndi chizungulire atadya chinangwa, thamangirani naye kuchipatala, osati kwa sing'anga.