Za Kutembenuza Lamulo la Masamu

Kuno ku chigwa cha m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua, kufikira ku Mtakataka, dzinja ndiyo nyengo ya malungo. Mwana akatentha thupi amamuyesa ndi kachipangizo kotchedwa themometa. Koma tizipangizoti sitiwerenga mofanana. Tina titsata muyeso wa Fahrenheit, wa m'chaka cha 1724. Tina titsata muyeso wa Celsius, wochokera ku ntchito ya Anders Celsius ya m'chaka cha 1742. Thupi la munthu amene ali bwino limakhala pafupi ndi madigiri 37 a Celsius, ndiwo 98.6 a Fahrenheit.

Lamulo lolumikiza miyeso iwiriyi ndi ili:

F = (9 × C ÷ 5) + 32

Monga laimiramu, lamuloli litipatsa F ngati tidziwa C. Tsono tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi themometa ya Fahrenheit, ndipo pa mwana wake yaonetsa 104. Apa tidziwa F, koma tifuna C. Tiyenera kulitembenuza lamulo kuti C itsale yokha mbali imodzi.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwiritsa. Choyamba, lamulo lili ngati sikelo ya mbale ziwiri imene yaima molingana. Mukachotsa kanthu m'mbale imodzi, muchotsenso chomwecho m'mbale inzake, kuti sikelo isapendeke. Chachiwiri tichiphunzira kwa munthu womanga thumba la chimanga pa njinga: mfundo imene anamaliza kumanga ndiyo ayamba kumasula.

Tione tsono m'mene C inamangidwira. Inachulukitsidwa ndi 9, inagawidwa ndi 5, ndipo potsiriza anaonjezapo 32. Pomasula tiyambira kumapeto, ndipo ntchito iliyonse tiichita mbali zonse ziwiri.

Tichotse 32: F − 32 = 9 × C ÷ 5

Tichulukitse ndi 5: 5 × (F − 32) = 9 × C

Tigawe ndi 9: 5 × (F − 32) ÷ 9 = C

Tibwerere kwa mwana uja. Pa 104 tikachotsapo 32 patsala 72. 72 kuchulukitsa ndi 5 ndi 360. 360 kugawa ndi 9 ndi 40. Thupi lafika madigiri 40 a Celsius, ndipo mwanayo ngofunika kuthamangira naye ku chipatala osadikira kuti kuche.

Nanga wophunzira akasokoneza ndondomeko? Akayamba kuchulukitsa 104 ndi 5 apeza 520. Akagawa ndi 9 apeza pafupifupi 58. Akachotsapo 32 atsala ndi 26. Yankho lotere linena kuti mwana wazizidwa, pamene thupi lake lili moto. Kuwerengera konse wakhoza, koma wayambira mfundo yolakwika.

Nchifukwa chake, inu aphunzitsi a mawa, musamaphunzitse ana mawu oloweza akuti nambala ikaoloka chizindikiro chisintha. Mawuwa auza mwana chochita, koma samuuza chifukwa chake, ndiponso samuuza nambala yoyamba kuigwira. Mufunseni mafunso awiri: "Kodi chilembo ichi anachichita chiyani? Nanga anamalizira chiyani?" Pambuyo pake azolowere kuyesa yankho lake polibwezera m'lamulo loyamba: 40 kuchulukitsa ndi 9 ndi 360, kugawa ndi 5 ndi 72, kuonjezapo 32 ndi 104. Zikagwirizana chotero, safunanso mphunzitsi womuuza kuti wakhoza.

Nzeru imeneyi njakale. Katswiri al-Khwarizmi anailemba m'buku ku Baghdad cha m'ma 820, ndipo liwu lake la Chiarabu lakuti al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa, ndilo linabala dzina la aljebra. Mwana amene wamvetsa kubwezeretsa kumeneku pa themometa adzatembenuza yekha malamulo ena, monga la kukula kwa munda kapena la chiwongoladzanja cha ngongole.