WOGUNDIDWA NDI GALIMOTO YA DZIKO LINA ANGALANDIRE BWANJI CIPUKUTA MISOZI?

Mseu waukulu wa Great East, umene ucokera ku Lusaka kupyola Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata kufikira ku malire a Mwami, umanyamula mathiraki ambiri a maiko ena usana ndi usiku. Ena amalowera pa malire a Chanida kucokera ku Mozambique. Mu mseu womwewo mumayenda ana a sukulu, amai opita ku msika, ndiponso anyamata a njinga ndi a honda ocokera mu Kapata, Mchini ndi Nabvutika. Comweco sicacilendo kuona m'zipatala munthu wogundidwa ndi galimoto yokhala ndi nambala ya dziko lina.

Nkhani zake zimafanana. Bambo wa njinga wagundidwa madzulo, ndipo pokhala angathe kuimirira, anthu anena kuti wapulumuka. Dalaivala atulutsa ndalama pang'ono m'thumba, onse agwirana canza, thiraki niipitiriza ulendo. Patapita masiku awiri bambo uja abwera ku cipatala atanyamulidwa. Palibe amene analemba nambala ya thiraki, ku polisi sikunapitidwe, ndipo ndalama zija zathera pa galimoto yomubweretsa. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Banja lotere limatsala ndi wodwala, lopanda pepala lililonse lofunsira malipiro.

Cofunika kudziwa ndi ici: galimoto ya kunja ingabwerere kwao, koma mlandu wa cipukuta misozi umatsala m'dziko muno, ndipo ndi muno momwe umalipiridwa. Cimene cimaupulumutsa kapena kuuononga ndico zimene banja licita m'masiku oyamba.

AMENE AMALIPIRA NDANI?

Lamulo la pa mseu la Road Traffic Act la mu 2002 lifuna kuti galimoto iliyonse yoyenda m'miseu ya Zambia ikhale ndi inshuwalansi yolipira anthu ena amene ingawabvulaze kapena kuwapha. Lamuloli silisankha galimoto ya kuno kapena ya kunja.

Magalimoto ambiri olumpha malire amayenda ndi pepala lochedwa Yellow Card. Makonzedwe ake anayamba kugwira nchito mu 1987 pansi pa bungwe la PTA, limene mu 1994 linalowedwa m'malo ndi COMESA, ndipo likulu la COMESA liri ku Lusaka. Mwa maiko amene ali m'pangano limeneli muli Zambia, Malawi, Zimbabwe, Tanzania, Congo, Kenya ndi Uganda. Dziko lililonse liri ndi ofesi yake ya Yellow Card yochedwa National Bureau. Thiraki ya ku Malawi ikabvulaza munthu ku Katete, wobvulalayo safunikira kupita ku Lilongwe iai. Ofesi ya kuno ndiyo ilandira dandaulo ndi kulipira monga mwa malamulo a Zambia, ndipo pambuyo pace imalongosola za ndalamazo ndi anzao a ku Malawi.

Galimoto yopanda Yellow Card iyenera kugula inshuwalansi ya kampani ya kuno polowa pa malire. Pamenepo kampani imene dzina lace liri pa pepalalo ndiyo ifunsidwa.

PA MALO A NGOZI

Moyo ndiwo woyamba. Wobvulala amene adandaula khosi kapena msana asakokedwe, asakhazikidwe tsonga. Anyamulidwe ndi anthu angapo, mutu ndi thupi ziri moongoka. Pamene pacoka mwazi papanikizidwe ndi nsaru yoyera. Asapatsidwe madzi, cakudya kapena mowa, cifukwa mwina adzafunika opaleshoni. Apolisi amaitanidwa pa 991, ndipo a RTSA pa 983.

Pamene ena athandiza wodwala, munthu mmodzi alembe kapena kujambula ndi foni nambala ya galimoto. Thiraki yaikulu iri ndi manambala osiyana, ina ya mutu, ina ya ngolo, ndipo zonse zifunika. Alembenso dzina la kampani lolembedwa pa citseko, dzina la dalaivala, nthawi ndi malo, ndiponso maina ndi manambala a foni a anthu awiri kapena atatu amene anaona ngoziyo. Mboni zikabalalika nkobvuta kuzipezanso.

Kumenya dalaivala, kuswa magalasi kapena kufunkha katundu kumangoononga mlandu wa wobvulala. Madalaivala ambiri amathawa pa malo a ngozi poopa gulu la anthu. Dalaivala amene wapita molunjika ku polisi sanathawe mlandu. Ndi kumeneko kumene mapepala ace a inshuwalansi adzalembedwa.

KU CIPATALA TSIKU LOMWELO

Aliyense wogundidwa ndi galimoto ayenera kupimidwa tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda yekha. Zibvulazo zina zimabisala. Mwazi ungathe kukha pang'onopang'ono mkati mwa mutu, munthu akulankhula bwino, ndipo patapita maola ayamba kusanza, kuwodzera, kusokonezeka maganizo, kapena kukomoka. Mutu wopweteka mowonjezereka, ndi madzi kapena mwazi wocoka m'khutu kapena m'mphuno, ndi zizindikiro zoopsa. Kapamba, amene ali kumanzere pansi pa nthiti, angang'ambike popanda bala lililonse kunja. Wodwala amva kupweteka m'mimba kapena pa phewa la kumanzere, acita cizungulire, amva ludzu, ndipo zikhato zace zimayera. Mwazi mu mkodzo usonyeza kuti impso kapena cikhodzodzo cabvulala. Ngati cimodzi mwa izi cioneka munthu atatulutsidwa kale, abwerere naye ku cipatala msanga, ngakhale pakati pa usiku.

Kufika tsiku lomwelo kumathandizanso pa mlandu. Zimene wa cipatala alemba pa khadi ndizo umboni woyamba wakuti kubvulalako kunacokera ku ngoziyo. Wodwala kapena womuperekeza anene poyera kuti munthuyo wagundidwa ndi galimoto, kuti, ndi nthawi yanji. Ena amanama kuti anagwa pa njinga poopa nkhani za polisi, kapena cifukwa anagwirizana kale ndi dalaivala. Bodza limeneli likalembedwa pa khadi, a inshuwalansi adzaligwiritsa nchito pokana kulipira. Achule malo onse opweteka, osati bala lalikulu cabe, cifukwa bondo kapena msana umene sunalembedwe poyamba udzabvuta kuuwonjezera patapita miyezi.

MAPEPALA OFUNIKA

Ngozi inenedwe ku polisi ya trafiki mwamsanga. Ngati wobvulala wagonekedwa, wacibale apite m'malo mwace. Apolisi amapereka fomu ya lipoti la cipatala, ZP Form 32, imene imadzazidwa ndi amene anapima wodwala ndi kudindidwa cidindo ca cipatala. Amalembanso lipoti la ngozi. Wacibale aonetsetse kuti m'lipotimo muli nambala ya galimoto, dzina la mwini wace, ndi nambala ya Yellow Card kapena ya inshuwalansi ya pa malire, galimotoyo isanaloledwe kupitiriza ulendo. Dzina la wapolisi wogwira mlanduwo lilembedwenso.

Kunyumba kukhale envulopu imodzi yosungiramo zonse: khadi la cipatala, kalata yotulutsira wodwala, zithunzi za X-ray, mapepala a mankhwala, ndi malisiti onse a mankhwala, ndodo zoyendera ndi maulendo opita ku cipatala. Wogwira nchito atenge kalata ya abwana yosonyeza masiku amene sanagwire ndi malipiro amene anataya. Wogulitsa pa msika kapena wa njinga yonyamula anthu asunge kabuku kosonyeza zimene anali kupeza pa tsiku. Mapepala onse acitidwe fotokope, ndipo eni ace a mapepalawo asaperekedwe kwa munthu aliyense popanda kulemberana. Ndalama iliyonse yolipira ku polisi kapena ku cipatala ikhale ndi lisiti.

Ndi mapepala amenewa pamodzi ndi reji, banja lilembe kalata ya dandaulo ku ofesi ya Yellow Card kapena ku kampani ya inshuwalansi, ndi kusunga kope yodindidwa tsiku limene inalandiridwa. Kampani iliyonse yogulitsa Yellow Card ingathe kulozera kumene ofesiyo iri. Mwana wamng'ono amamufunsira ndi kholo kapena womulera.

KUSAFULUMIRA KUSAINA

Pfupa la mkono wa munthu wamkulu limatenga milungu 6 kapena kuposerapo kuti ligwirane, ndipo la nchafu limatenga miyezi 3 kapena kuposa. Kukula kweni kweni kwa kulemala kumadziwika pokhapo pamene mabala apola ndipo wodwala watsiriza zolimbitsa ziwalo ku fiziyo. Pa nthawi imeneyo dotolo amalemba lipoti lotsiriza lonena ngati mwendo wafupika, ngati bondo silipinda, kapena ngati munthuyo sangabwerere ku nchito yace yakale. Lipoti limeneli ndilo limalemera kwambiri powerengera ndalama.

Cifukwa cace wodwala asaphonye masiku obwerera ku cipatala. Kucotsa pulasitala kunyumba ndi kupita kukatemera mankhwala kumapindika pfupa ndi kulowetsa tizilombo pa bala, ndipo a inshuwalansi anganene kuti kulemalako kunadza ndi kusasamala kwa mwini wace. Ngati zala zatupa, zazizira, zacita dzanzi kapena ululu ukukula mkati mwa pulasitala, thandizo liri ku cipatala tsiku lomwelo.

Polipira, kampani imapereka pepala lakuti wolandira sadzafunsanso kanthu. Munthu akasaina, nkhani yatha, ngakhale pambuyo pace pafunike opaleshoni ina. Asasaine pepala limene sanalimvetse. Apemphe munthu wodalirika amuwerengere m'cinenero cace. Thandizo la dalaivala la pa mseu, monga kupereka galimoto yopita ku cipatala, lingalandiridwe, koma lisakhale mtengo wotsekera pakamwa.

ZINA ZIMENE ANTHU AMASOKONEZA

Coyamba, dalaivala akalipitsidwa faindi ku polisi kapena ku khoti, ndalamazo ndi za boma. Sizipita kwa wobvulala. Cipukuta misozi ndi nkhani yapadera imene banja liyenera kuiyamba lokha.

Caciwiri, inshuwalansi ya lamulo iri ndi malire a ndalama zimene ingalipire munthu mmodzi. Ngati kubvulala kuli kwakukulu kopitirira malirewo, zotsalazo zimafunsidwa kwa mwini galimoto kupyolera m'khoti. Apa pafunika loya. Amene alibe ndalama angapite ku Legal Aid Board, imene iri ndi ofesi mu Chipata.

Cacitatu, nthawi iri ndi polekezera. Mlandu wa kubvulala uyenera kufika ku khoti zisanathe zaka 3 kucokera pa tsiku la ngozi. Makalata olemberana ndi kampani saimitsa kuwerenga kwa zakazi. Ngati kampani ikuzengereza kapena yakana popanda cifukwa comveka, dandaulo lingaperekedwe ku Pensions and Insurance Authority ku Lusaka, bungwe loyang'anira makampani a inshuwalansi.

Cacinai, ngati wobvulala nayenso analakwa, mwacitsanzo analumpha mseu ataledzera kapena anayendetsa njinga usiku popanda nyali, ndalama zingacepetsedwe, koma sikuti nthawi zonse amataya zonse. Asaleke kufunsa cifukwa ca mau a anthu oima pa mseu.

Cacisanu, amene anabvulala ali pa nchito ya abwana auzenso abwanawo kuti nkhani ipite ku Workers' Compensation Fund Control Board, imene imathandiza obvulala pa nchito.

PAKAGWA MALIRO

Munthu akamwalira pa ngozi, apolisi amafuna kuti mtembo upimidwe usanaikidwe. Mabanja ena amakana pofuna kufulumiza maliro, koma lipoti la kupimako ndilo lisonyeza kuti imfa inadza ndi ngoziyo. Lisungidwe pamodzi ndi setifiketi ya imfa ndi malisiti a bokosi ndi a galimoto ya maliro. Wofunsa ndalama ndi amene khoti lamuika kukhala woyang'anira cuma ca womwalirayo, amene ambiri amamucha administrator. Iyeyu ndi wosunga cabe. Ndalamazo ndi za mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana, ndi ena amene anali kudalira malemuyo.

Palibe ndalama imene ingabwezere mwendo kapena moyo. Koma ingagule ndodo ndi mankhwala, ingalipire lendi, ingasunge ana pa sukulu pamene mwini nyumba ali gone. Banja limene linalemba nambala ya galimoto, linafika ku cipatala tsiku lomwelo, linanena zoona ndi kusunga mapepala, liri ndi poyambira ngakhale thiraki ija itafika kale ku Blantyre kapena ku Beira.