Mau a Gitala Amacokera pa Thabwa la Pamwamba

M'caka ca 1963 Msonkhano Waciwiri wa Vatican unanena kuti, ngakhale oligani isunge ulemu wake, zoimbira zinanso zingathe kumveka m'Chalichi ngati Abishopu avomereza. Kuyambira pamenepo gitala yapeza malo m'makwaya athu ambiri. Akristu amasonkha ndalama mobvutikira kuti aigule, koma pogula ambiri amangoyang'ana kunyezimira kwa bokosi. Tsono mwezi uno tafuna kukamba za gitala ya nsambo za nailoni yopangidwa pamanja, imene kwao ndi ku Spain, kuti tione kumene mau ake okoma aja amacokera.

Mmisiri amene anaipatsa maonekedwe amene tiadziwa lero ndi Antonio de Torres. Iyeyu anabadwa mu 1817 kufupi ndi mzinda wa Almería, anaphunzira ukalipentala, ndipo zaka zake zabwino anagwira nchito ku Sevilla. Anakulitsa mimba ya gitala, napepukitsa thabwa la pamwamba, ndipo kunsi kwake anamata timitengo tisanu ndi tiwiri totambasuka ngati zala za dzanja. Timitengoti tigwira nchito ya mapaso a denga: ticirikiza thabwa kuti lisagonje, koma tililekerabe ufulu wonjenjemera. Utali wa nsambo wa mamilimita 650, umene iye anaukonda, ndiwo amisiri ambiri autsata mpaka lero.

Mu 1862 Torres anacita cinthu codabwitsa. Anapanga gitala imene msana ndi m'mbali mwake zinali za mapepala olimba omatidwa pamodzi, koma pamwamba anaika thabwa labwino la spruce. Gitalayo inalira bwino ndithu, ndipo isungidwa m'nyumba ya zoimbira zakale ku Barcelona. Anthu amamva kuti apa mkuluyo anafuna kuonetsa kuti mau amabadwira pamwamba. Nsambo payokha ilibe mphamvu yokankha mpweya. Igwedeza kathabwa kamene yamangidwapo, kathabwako kagwedeza thabwa lonse, monga cikopa ca ng'oma, ndipo mimba ingolandira ndi kukometsa.

Pa thabwa limeneli ndi pamene mmisiri amathera mtima wake. Spruce ndi mtengo wa kumapiri ozizira, umene ukula pang'onopang'ono, cotero mizere yake ikhala yoongoka ndi yothithikana. Amaucheka pakati, nautsegula ngati buku, nalumikiza mbali ziwirizo kuti zifanane. Uyenera kuuma zaka zingapo usanakhudzidwe ndi mpeni. Kenaka mmisiri apala, agogoda ndi cala, amvetsera, apinda pang'ono, apalanso, kufikira thabwa litatsala ndi mamilimita awiri kapena atatu cabe. Akalekeza msanga, gitala ikhala yolimba koma yosalankhula. Akapitirira, ilira mokoma miyezi yocepa kenaka nkupindika. Palibe matabwa awiri ofanana, ngakhale a mtengo umodzi, ndipo ici ndico cimene makina a kufakitale, odula onse pa muyeso umodzi, sangathe kucimva.

Torres atakalamba manja ake anayamba kunjenjemera, ndipo wansembe wina, Bambo Juan Martínez Sirvent, anali kumthandiza pa nchito zosakhwima. Wansembeyu analemba pambuyo pake kuti anthu anali kumuumiriza mkuluyo kuti aulule cinsinsi cake asanafe. Iye anayankha kuti sangathe kucisiyira munthu, pakuti cinali m'nsonga za cala cacikulu ndi ca mkombaphala, zimene zinali kumuuza ngati thabwa lafika. Ife timakhulupirira kuti sanali kubisa kanthu. Amai odziwa kuumba mbiya akanayankha cimodzimodzi. Anamwalira mu 1892 ali wosauka.

Amene anadza pambuyo anatsata mapazi ake. Hermann Hauser wa ku Munich anaphunzira pa magitala a ku Spain, ndipo mu 1937 anapangira Andrés Segovia gitala imene woimbayo anayenda nayo m'maiko kufikira 1962. Nsambo za nailoni zinabwera itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Kale zinali za matumbo a nkhosa. M'zaka za m'ma 1960 José Ramírez III wa ku Madrid anachukitsa thabwa la cedar, limene mau ake ndi ofunda ndipo amabwera msanga, pamene spruce ali ndi mau oyera amene amanka nakhwima gitala ikamaimbidwa.

Sitinena kuti msana ulibe nchito. Amisiri anakonda mtengo wa rosewood wa ku Brazil, koma unadulidwa mopanda cifundo kotero kuti mu 1992 malonda ake pakati pa maiko analetsedwa. Ife amene taona mukula ukutuluka m'nkhalango zathu pa malole sitifunika kufotokozeredwa zambiri.

Tidziwa kuti maparishi ocepa okha angakwanitse gitala ya mmisiri wotere, komabe nzeru yake ithandiza ngakhale pogula ya kusitolo. Suzumirani m'mphepete mwa bowo la pakati. Ngati mizere ya mtengo itsika kupyola thabwa lonse, ndiye kuti ndi thabwa lenileni. Mukaona timagawo tosanjikizana, ndi pulaiwudi. Vanishi wokhuthala ngati galasi asakunyengeni, cifukwa amanga thabwa. Amisiri amapaka wopyapyala kwambiri ndi kansalu. Lizani nsambo imodziimodzi, kukwera mpaka kumapeto kwa khosi, ndipo mverani ngati mau akhalitsa mofanana kapena ena azimirira msanga.

Cimene citipweteka mtima koposa ndi kuona nsambo za waya pa gitala ya nailoni, ati kuti imveke pamwamba pa ng'oma. Nsambo zisanu ndi imodzi za nailoni zikoka ndi mphamvu ya makilogramu pafupifupi 40, pamene za waya zifika 60 kapena 70. Thabwa litumphuka, khosi lipindika, ndipo tsiku lina kathabwa ka nsambo kamatuka, mwina Misa ili mkati. Atsogoleri a kwaya aonenso posungira: m'kutentha kwa Okutobala gitala yosiyidwa pa zenera la sakilisitiya kapena pansi pa malata ing'ambika motsata mizere yake, ndipo guluu wake afewa. Ikhale m'cikwama cake, pansi, kumbali ya khoma kumene dzuwa silifika.