Mbalame za mu Lusaka: mmene mungasiyanitsire zofanana muli pa ulendo

Caka ciliconse kuyambira mu Okutobala, mbalame zocokera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa zimafika mu Lusaka ndi kusakanizika ndi zakuno. Zambiri mwa izo zimafanana kwambiri, kotero kuti ngakhale anthu ozizolowera amasokonezeka nazo. Dziko la Zambia lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, koma munthu safunikira kupita ku Luangwa kuti ayambe kuidziwa. Ulendo wa pa minibasi kucokera ku Kulima Tower kupita ku Chelstone ndi wokwanira.

Munthu ali pa ulendo amaona mbalame kwa kanthawi kocepa, ndipo kuwala kwa dzuwa kumasintha maonekedwe a nthenga. Cifukwa cace ndi bwino kuyang'ana msanga mlomo, mcira ndi kaulukidwe kake, ndi kukumbukira malo ndi mwezi umene mwaionera.

Pakati pa mzinda, tumbalame takuda timene timazungulira nyumba zitalizitali za mu Cairo Road anthu ambiri amatiyesa anamzeze. Kawirikawiri si anamzeze ai, koma mtundu wina wochedwa little swift m'Cingerezi. Mapiko ake ndi opindika ngati cikwakwa, mcira ndi waufupi, ndipo sitera pa nthambo za magetsi. Namzeze wa ku Ulaya ali ndi mcira wamphanda ndi khosi lofiirira, amatera pa nthambo m'magulu, ndipo amabwerera kwao mu Epulo.

Ku Kabwata ndi m'makomboni ena kumene anthu amaweta nkhuku, kamtema ndi wodziwika. Pali mitundu iwiri. Wa muno mu Africa amafika mu Ogasiti ndipo mlomo wake wonse ndi wacikasu. Wocokera ku Ulaya ndi ku Asia amafika nthawi ya mvula, pamene inswa zimatuluka, ndipo mlomo wake ndi wakuda, cikasu cili kumphuno kokha. Cobvuta ndi cakuti mwana wa kamtema wakuno nayenso amakhala ndi mlomo wakuda, motero kuona mlomo kamodzi kokha si umboni wokwanira.

Mukatsika pa sukulu yaikulu ya UNZA mu Great East Road ndi kupita ku madamu a Goma, yang'anani akakowa oyera. Amene amatsata ng'ombe ndi kufuna ziwala m'udzu ali ndi mlomo wacikasu ndi khosi lalifupi. Amene amayenda m'madzi kufuna tinsomba ali ndi mlomo wakuda, miyendo yakuda ndi zala zacikasu.

M'mitengo ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga muli njiwa za mitundu itatu zimene zimasokoneza anthu. Ziwiri zili ndi mzera wakuda kumbuyo kwa khosi. Yaikulu ili ndi maso ofiira ndipo mcira wake ulibe poyera. Yocepererapo ndi yotuwa, maso ake ndi akuda, ndipo ikauluka nsonga za mcira zimaoneka zoyera. Yacitatu ilibe mzerawo, koma ili ndi madontho akuda pacifuwa.

Kudziwa kusiyana kumeneku kuli ndi phindu. Bungwe la BirdWatch Zambia, limene linayamba mu 1969 ndi dzina lakuti Zambian Ornithological Society, limadalira zimene anthu wamba aona kuti lidziwe mitundu imene ikucepa. Buku la The Birds of Zambia la mu 2008 linalembedwa ndi thandizo la zolemba za anthu otere. Dzina lolakwika likalowa m'kaundula limasoceretsa ofufuza.

Citsanzo ndi mbalame yochedwa Chaplin's barbet, imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma mu Zambia mokha, m'madera ngati Choma ndi Chisamba. Mutu ndi cifuwa cake ndi zoyera, ndipo ili ndi kufiira mozungulira maso. Mbale wake wa m'minda ya mu Lusaka ali ndi nkhope ndi khosi zofiira, zozungulidwa ndi mzera wakuda. Ya ku Choma ili pa ngozi cifukwa imadalira mikuyu, imene ikudulidwa potsegula minda.

Mu Lusaka namonso mitengo ikutha. Kuyambira mu 2017 mbali zina za nkhalango ya Forest 27, kumene kumacokera mtsinje wa Chalimbana, zinacotsedwa pa nkhalango zotetezedwa ndipo panamangidwa nyumba. Ofuna kuona mbalame za m'nkhalango angapite ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015.

Coyambira si codula: kabuku, pensulo ndi kudzuka m'mamawa. Makolo akulimbikitsidwa kuphunzitsa ana maina a mbalame m'malo mowapangira malegeni, pakuti mbalame zomwezi ndizo zimadya ziwala ndi mbozi zoononga cimanga.