Misozi ya ziweto ku Nkhotakota: chiyambi chake n'chiyani?

Mwera ukalimba mu June ndi July, asodzi a ku Nkhotakota amakokera mabwato awo kumtunda. Mphepo yomweyo siphonya makola. Imanyamula mchenga wa kunyanja, fumbi ndi mankhusu a mpunga wongopunthidwa kumene m'madambo a Bua ndi Kaombe, n'kukazithira m'maso mwa mbuzi ndi ng'ombe. Posakhalitsa patsaya la mbuzi pamaoneka mzere wonyowa, ubweya utamatana, ntchentche zitaunjikana pamenepo.

Alimi ambiri amangoti "yadwala maso" n'kuyamba kufunafuna chothira. Koma madokotala a ziweto amaona misozi ngati chizindikiro chabe. Diso la chiweto limapanga misozi nthawi zonse, ndipo yotsala imatsikira m'mphuno kudzera m'kanjira kakang'ono kamene kali pakona ya diso. Misozi ikasefukira patsaya, ndiye kuti china chake chikupweteka diso, kapena kanjirako katsekeka ndi kutupa kapena mafinya.

Choyamba kufunsa ndi ichi: ndi diso limodzi kapena onse awiri? Ndi chiweto chimodzi kapena khola lonse? Diso limodzi pa mbuzi imodzi nthawi zambiri limakhala ndi chitsotso. Mukagwira mutu wa mbuzi n'kukokera chikope cham'munsi ndi chala chachikulu, mutha kupeza kankhusu kampunga kapena njere ya udzu itabisala kuseri kwa kachikope kachitatu, kamene kali mbali ya kumphuno. Mbuziyo ikamaphethira, kankhusuko kamakanda diso mpaka kutsegula chilonda.

Nthawi zina vuto limakhala chikope chenichenicho. Ana a nkhosa, a mbuzi ndi a agalu ena amabadwa chikope chitapindikira m'kati, ubweya wake n'kumakhula diso usana ndi usiku. Mafuta a m'maso amangoziziritsa ululu. Chikopecho chimafunika kuchiwongola, ndipo imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Chikope chimathanso kung'ambika ndi minga kapena waya, kutupa ndi nkhupakupa, kapena kumera njerewere.

Mvula ikagwa, ntchentche zimachuluka m'makola a matope, ndipo nkhani imasintha. Ntchentchezo zimamwa misozi ya ng'ombe yodwala n'kukatera pa inzake, zitanyamula kachilombo ka Moraxella bovis. Diso limafiira, ng'ombe imathawa dzuwa, kenako pakati pa diso pamatuwa. Ntchentche zomwezo zimafalitsanso nyongolotsi za Thelazia, zoyera ngati ulusi, zotalika mpaka masentimita 2, zimene zimayendayenda pansi pa chikope.

Koma Nkhotakota ili ndi vuto lakelake. M'nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, muli kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera kwa anthu ndi nagana kwa ziweto. Galu wolumidwa ndi kashembe amatentha thupi, amatupa zikope, amakhetsa misozi, maso onse awiri n'kutuwa. Ng'ombe imawonda, ubweya n'kuyima, m'kati mwa chikope n'kuyera chifukwa magazi achepa. Nthenda ya nkhupakupa ya East Coast Fever nayonso imabweretsa misozi, pamodzi ndi zotupa m'munsi mwa makutu ndi kupuma movutikira. Apa nthenda ili m'magazi, ndipo wothira mankhwala m'diso akungotaya nthawi chiweto chikupita.

Nkhuku nazo sizipulumuka. Utitiri umamatirira m'mphepete mwa zikope, nthomba imamera timabala totseka maso, ndipo chitopa chimatupitsa kumaso chisanayambe kupulula khola. Katemera wa chitopa wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amadonthezedwa m'diso momwemo, dontho limodzi pa nkhuku, miyezi inayi iliyonse.

Maso ambiri amawonongeka ndi chithandizo cha mwini wake. Mchere wouma, fodya, parafini ndi zina zimene anthu amauzana pamudzi zimawotcha diso lomwe lili kale ndi bala. Mafuta a m'maso okhala ndi steroid, akapakidwa pa chilonda, amachikulitsa mpaka diso kuphulika. N'chifukwa chake dokotala amayamba wadontheza utoto wa fluorescein, umene umasandutsa chilonda kukhala chobiriwira. Ngakhale Berenil, mankhwala odziwika a nagana, amapha galu mlingo ukapitirira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi angathe kutsuka diso ndi madzi owiritsa atazizira, kuika chiweto pamthunzi, kuchipatula kwa zinzake ndi kuchotsa ndowe zoitana ntchentche. Akatero apite kwa alangizi a ziweto a m'dera lake, kaya ndi ku Linga, Zidyana, Nkhunga kapena Mwansambo, atakonzekera kuyankha kuti misozi inayamba liti, yagwira ziweto zingati, chiwetocho chikudya kapena ayi, komanso ngati chimadyera kufupi ndi nkhalango. Mayankho amenewa ndiwo amauza mlangizi ngati achotse kankhusu, awongole chikope, kapena atenge magazi kukapima.