Msika wa Khrisimasi womwe wakhala zaka zoposa 450 ku France

Kuno Disembala ndi mwezi wa matope, mango ndi kuthamangitsana ndi makasitomala mpaka mdima. Koma ku Alsace, chigawo cholima mphesa za vinyo kum'mawa kwa dziko la France, mweziwu ndi wa chisanu cholowa m'mafupa. Dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa, ndipo 5 koloko madzulo isanakwane kwada kale. Madzi ukawasiya panja usiku utha kuwapeza ataundana ngati mwala.

Munthu ungaganize kuti nyengo yotere geni imaferatu. Ayi ndithu. Imeneyi ndiyo nthawi imene amalonda a kumeneko amaphera makwacha.

Mphesa zagona, misika yadzuka

Alsace ali m'malire a France ndi Germany, pakati pa mapiri a Vosges ndi mtsinje wa Rhine. Minda ya mphesa kumeneko ndi yoposa mahekitala 15,000, ndipo vinyo wambiri yemwe amapanga ndi woyera. Pali msewu wotchuka wotchedwa Route des Vins, womwe anaukhazikitsa m'chaka cha 1953, wautali makilomita pafupifupi 170 kuchokera ku Marlenheim kukafika ku Thann. Msewuwu umadutsa m'midzi ya alimi a mphesa monga Riquewihr, Kaysersberg ndi Eguisheim.

Alimiwa amakolola mu Seputembala ndi Okutobala. Pofika Disembala masamba ayoyoka, minda yangotsala mitengo yokhayokha, ndipo vinyo ali phee m'migolo. Kumudzi moyo umayamba kuyenda pang'onopang'ono, koma m'mabwalo a m'matauni ndi m'midzi ikuluikulu mumadzuka timaokala ta matabwa.

Msika waukulu kuposa yonse ndi wa mumzinda wa Strasbourg, wotchedwa Christkindelsmärik, kutanthauza msika wa Mwana Yesu. Unayamba m'chaka cha 1570. Kale kunkachitika msika wa Nikolasi Woyera kumayambiriro kwa Disembala, koma mzindawo utatsata chiphunzitso cha Chipulotesitanti akuluakulu anathetsa msikawo n'kuika uwu m'malo mwake. Chipembedzo chinasintha, dzina linasintha, koma amalonda sanachoke pabwalo.

Masiku ano msikawu umatsegulidwa kumapeto kwa Novembala mpaka nthawi ya Khrisimasi. Pamakhala timaokala pafupifupi 300, ndipo alendo amapitirira 2 miliyoni. Pabwalo la Place Kléber amadzika mtengo wa Khrisimasi wautali mamita ngati 30. Mwambo wa mtengowu ndi wakale zedi kuderali: mabuku a ndalama a tauni ya Sélestat a m'chaka cha 1521 akusonyeza kuti khonsolo inalipira alonda a nkhalango kuti aziyang'anira mitengo ya Khrisimasi. Ndiye kuti odula mitengo mozemba sanayambe lero.

Chakudya chosafuna phuma

Chomwe chimayenda malonda kwambiri ndi vinyo wotentha. Amamutenthetsa mumphika pamodzi ndi shuga, sinamoni ndi malalanje, ndipo munthu amamwa ataimirira, kapu ataifumbatira ndi manja onse awiri kuti zala zimve kutentha. Kasitomala amalipira kandalama kena ka chikole pa kapuyo, akaibweza amamubwezera ndalama yake. Motero wogulitsa saluza makapu, ndipo pamsika sipadzaza zinyalala.

Kenaka pali bredele, timabisiketi ting'onoting'ono ta batala, sinamoni kapena mtedza wa amondi. Mabanja amayamba kuphika kumapeto kwa Novembala, n'kusunga m'zitini, kudikira Khrisimasi. Amapatsana ndi anansi ndi achibale, ndipo banja lililonse limanyadira kaphikidwe kake komwe linatengera kwa agogo. Pa 6 Disembala, tsiku la Nikolasi Woyera, ana amadya mannele, mabanzi otsekemera oumbidwa ngati kamunthu.

Ndiwo zenizeni ndiye zimafuna kudekha. Choucroute ndi kabichi wodula mopyapyala, wothira mchere, wosungidwa mumgolo kwa masabata angapo mpaka atawawasa. Amamuphika ndi vinyo woyera, n'kudyera soseji, nyama ya nkhumba ndi mbatatesi. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mfutso: zochuluka za nthawi yokolola zidyedwe pamene kudimba kulibe kanthu.

Palinso baeckeoffe. Amatenga nyama ya ng'ombe, ya nkhumba ndi ya nkhosa, n'kuiviika mu vinyo woyera usiku wonse. M'mawa amaiyala mumphika wa dothi mosinthanasinthana ndi mbatatesi ndi anyezi, n'kumata chivundikiro ndi ufa wokanda kuti nthunzi isathawe. Mphikawo umakhala mu uvuni maola atatu kapena kuposa. Anthu a kumeneko amasimba kuti kale amayi ankasiya mphikawo kwa wophika buledi m'mawa wa tsiku lochapa, n'kudzautenga masana ntchito itatha. Uvuni unali umodzi, koma unkadyetsa mudzi wonse.

Kudekha kwa anthuwa mukuonere m'chipinda cha pansi pa chipatala chakale cha Strasbourg, chomwe chinamangidwa mu 1395. Mmenemo muli mgolo wa vinyo wa m'chaka cha 1472. Pa zaka zonsezi vinyoyu anaperekedwa kwa alendo katatu kokha: mu 1576, mu 1718 ndi mu 1944, pamene anapatsa Jenerali Leclerc atamasula mzindawo m'manja mwa asilikali a Hitler. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamulo limati pumani

Kupuma kwa ku Alsace si nkhani ya mtima wa munthu chabe, kuli m'malamulo. Chigawochi chinali m'manja mwa Germany kuyambira 1871 mpaka 1918, ndipo chitabwerera ku France chinasunga malamulo ena a nthawi imeneyo. Mwa chitsanzo, pa 26 Disembala ndi holide ku Alsace ndi ku Moselle, pamene madera ena a France anthu amabwerera kuntchito. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, kupatula Malamlungu ochepa oyandikira Khrisimasi pamene amaloledwa kutsegula.

Chakudya chachikulu cha banja chimadyedwa usiku wa pa 24 Disembala. Anthu amakhala patebulo maola ndi maola, mbale kubwera imodziimodzi, nkhani zili mkati. Wamalonda yemwe waima pachisanu mwezi wathunthu amadziwa kuti tsiku limenelo akatseka, watseka.

Walira mvula walira matope

Komatu musaganize kuti zonse ndi zokoma. Malo pamsika wa Strasbourg munthu sangofika n'kuyala. Amalembetsa ku khonsolo miyezi ingapo nthawi isanakwane, amanena katundu yemwe adzagulitse, ndipo amalipira malowo. Katundu amaoda ndi mpamba wake asanaone kasitomala ndi mmodzi yemwe. Phindu lonse liyenera kutuluka m'masabata anayi okha.

Zikavuta m'masabata amenewo, zavutiratu. Pa 11 Disembala 2018 munthu wina wamfuti anaombera anthu pafupi ndi msikawu ndipo asanu anamwalira. Msika unatsekedwa kwa masiku angapo. Mu 2020 matenda a Covid-19 anachititsa kuti timaokala tisamangidwe n'komwe, ndipo amalonda omwe amadalira nyengoyi anangogwira njakata.

Vuto lina ndi lobwera ndi kutchuka komweko. Alendo akachuluka, ena amayamba kugulitsa zidole zotchipa zoodedwa kunja ndi zakudya zomwe si za kuderalo, mpaka wopanga zinthu pamanja amasowa pogwira. Mu 2022 khonsolo ya Strasbourg inatulutsa mndandanda wa zinthu zomwe inati zisagulitsidwe pamsikawu, kuphatikizapo mbuliuli, maambulera ndi vinyo wa champagne. Champagne ndi wa ku France komweko, koma ndi wa chigawo china, ndipo Alsace ali ndi vinyo wake wa thovu wotchedwa crémant. Mkangano unabuka. Ena anati khonsolo ikulowerera geni ya eni ake. Ena anati mlendo sangayende ulendo wautali kudzagula chinthu chomwe akanachipeza kwawo.

Inu a mumsika mukudziwa bwino mbali zonse ziwirizi. Wogulitsa amafuna katundu woyenda msanga lero, pamene msika umafuna dzina loti likhalepobe mawa. Msika wa Strasbourg wapyola m'nkhondo, m'miliri ndi m'kusintha kwa maboma, ndipo chomwe chimakokabe anthu ndi fungo la vinyo wa m'minda yoyandikana nawo ndi mabisiketi a kaphikidwe ka agogo.

Chaka chatsopano chikalowa timaokala timaphwasulidwa, alendo amabwerera kwawo, midzi imangoti zii. Mlimi amavala chijasi, n'kutenga chodulira chake kupita kumunda kukadulira mitengo ya mphesa umodziumodzi pachisanu, ntchito yomwe imatha kufika mpaka Malichi. Vinyo yemwe makasitomala adzamwe pa Khrisimasi ya mtsogolo amayambira pamenepo.