Chizindikiro cha Msinkhu pa Masewero a Pakanema: Zimene Kholo Liyenera Kudziwa

Munthu aliyense amene anayendapo pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Muloza madzulo a tsiku la msika, nthawi imene othyola tiyi aweruka ndipo ana a sukulu abalalika, sangalephere kumva phokoso la mfuti, la zibakera ndi la magalimoto aliwiro likutuluka m'tinyumba tija toonetseramo mavidiyo. Ndipo akasuzumira m'katimo adzapeza kuti pambali pa mafilimu masiku ano pali magemu, ana atathithikana pa benchi, awiri atagwira mapadi a PlayStation, ena onse akudikira kuti nawonso apereke kandalama kawo. Ana ena safikako n'komwe kumeneko, pakuti foni ya atate awo, kapena ya achimwene awo amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, yawakwanira.

Mwa masewero onsewa, amene makolo sawakayikira konse ndi a ngwazi zija zobisa nkhope ndi zovala mikanjo, monga Spider-Man, Batman, Superman ndi Wolverine, popeza zithunzi zawo tinazizolowera kale pa zikwama za ana a sukulu ya mkaka ndi pa malaya a pa kaunjika, kotero kuti kholo likaona chithunzi chotere limangoti mumtima mwake, izi n'zachibwana. Komatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chovala cha ngwazi sichinena msinkhu wa munthu woyenera kusewera. Chimene chimanena ndi kachizindikiro kakang'ono kamene kamakhala pangodya ya m'munsi ya chikuto, ndipo m'poyenera kuti tidziwe amene amakaika, njira imene amatsata pokaika, ndi mphamvu imene kali nayo kuno kwathu.

Kumene zizindikirozi zinachokera

M'chaka cha 1992 ku America kunatuluka sewero lomenyana lotchedwa Mortal Kombat, limene linaonetsa mwazi ukuwazika ndi wogonja akudulidwa mutu, ndipo linautsa mkwiyo wa makolo ambiri, kufikira kuti mu December 1993 aphungu awiri a nyumba ya malamulo ya Senate, a Joe Lieberman ndi a Herb Kohl, anaitanitsa eni makampani opanga masewero kuti adzayankhepo. Eni makampaniwo ataona kuti akapanda kudziikira okha malire boma lidzawaikira, anakhazikitsa bungwe la ESRB m'chaka cha 1994, limene kufikira lero limaweruza masewero ogulitsidwa ku America ndi ku Canada. Mayiko ambiri a ku Ulaya, amene poyamba ena a iwo anali ndi njira yawoyawo, anagwirizana m'chaka cha 2003 kutsata njira imodzi yotchedwa PEGI. Ku South Africa ntchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la boma la Film and Publication Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996. Ndipo popeza zimbale zimene zimafika m'boma la Mulanje zimadzera njira zosiyanasiyana, zizindikiro za mabungwe atatu onsewa tikhoza kukumana nazo.

Mmene sewero limaweruzidwira

Kampani ikatsiriza kupanga sewero, isanalitumize m'masitolo, imayankha mafunso ambiri olembedwa, kuulula zonse zimene zili m'katimo: chiwawa ndi kukula kwake, mwazi, kutukwana, umaliseche, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, juga, ndi zina zotero. Ku America kampaniyo imatumizanso kanema woonetsa mbali zoopsa koposa za sewerolo, ndipo anthu osachepera atatu ophunzitsidwa ntchitoyi amaonera kanemayo ndi kugwirizana za msinkhu woyenera. Ku Ulaya mayankhowo amafufuzidwa ndi mabungwe awiri, lina la ku Netherlands loyang'ana masewero a ana aang'ono, lina la ku Britain loyang'ana a zaka 12 kupita m'tsogolo, ndipo chilolezo choika chizindikiro chimaperekedwa kafukufukuyo akatha.

Wobisa kanthu amalangidwa. Sewero la Grand Theft Auto: San Andreas, limene anyamata ambiri kuno amalidziwa bwino, linatuluka mu 2004 ndi chizindikiro cha zaka 17, koma mu 2005, zitadziwika kuti m'kati mwake munabisika mbali yoonetsa zachigololo imene kampani sinaulule, bungwe la ESRB linalisintha kukhala la akuluakulu okhaokha, ndipo masitolo akuluakulu analichotsa pa mashelefu awo kufikira kampaniyo inatulutsa lina lokonzedwa.

Masewero a pa foni, amene ndi ochuluka koposa mchenga kotero kuti palibe bungwe lingathe kuwaonera onse, ali ndi njira yachidule imene mabungwe a ESRB, PEGI ndi ena anagwirizana mu 2013, yotchedwa IARC, ndipo Google Play inayamba kuitsata mu 2015. Wopanga sewero amayankha mafunso pa intaneti, kompyuta n'kutulutsa msinkhu nthawi yomweyo, ndipo mabungwewo amabwera pambuyo kudzakonza pamene paoneka cholakwika. Chotero chizindikiro cha pa foni chimadalira kwambiri chilungamo cha wopangayo, ndipo kholo lisachikhulupirire ndi mtima wonse.

Kawerengedwe kake

Chizindikiro cha ku Ulaya ndicho chosavuta, pakuti ndi nambala chabe m'kabokosi: 3 ndi 7 zobiriwira, 12 ndi 16 zachikasu chofiirira, 18 yofiira. Kuseri kwa chikuto kumakhala tizithunzi tonena chifukwa chake: chibakera chitanthauza chiwawa, kangaude zinthu zoopsa, jakisoni mankhwala ozunguza bongo, timiyala ta madontho juga, ndipo dzanja logwira khadi ya kubanki litanthauza kuti sewerolo lidzapempha ndalama pamene mwana ali m'kati mosewera. Cha ku America ndi chilembo chakuda pa malo oyera: E ndi ya aliyense, E10+ ya zaka 10, T ya zaka 13, M ya zaka 17, AO ya akuluakulu okha. Cha ku South Africa ndi chamakona atatu, chokhala ndi manambala monga 13, 16 ndi 18. Pa Play Store nambala imaoneka m'munsi mwa dzina la sewero musanalitsitse.

Apa m'pofunika kuchenjera, chifukwa ambiri amayesa kuti nambalayo inena kuvuta kwa sewero, ndipo mwana wochenjera amauza amayi ake kuti iye ndi katswiri, za 18 amazitha. Nambalayo sinena za luso ayi, inena za zimene maso adzaona ndi makutu adzamva. Masewero a mpira a FIFA, amene amatopetsa ngakhale amuna a ndevu, ku Ulaya analembedwa 3, chifukwa mulibe choipitsa mtima wa mwana.

Taonani tsono kusiyana kwa ngwazi zathu zija. Sewero la Lego Marvel Super Heroes la 2013, mmene anthu ake ndi tizidole tophwasuka popanda mwazi, ndi la zaka 7 ku Ulaya. La Marvel's Spider-Man la 2018 ndi la zaka 16, popeza anthu omenyedwawo amaoneka ngati anthu enieni. Masewero a Batman a 2009 ndi 2011 anali a zaka 13 ku America. Koma sewero lotsatira la 2015, lotchedwa Arkham Knight, linalembedwa M ku America ndi 18 ku Ulaya, ndipo china mwa zifukwa zake n'chakuti muli malo pamene Batman mwiniwake, pofuna kuti mdani wake aulule chinsinsi, amamugoneka pansi mutu uli pafupi ndi tayala la galimoto, tayalalo n'kumazungulira, munthuyo akukuwa ndi mantha. Deadpool wa 2013, wovala zofiira ngati Spider-Man kotero kuti agogo sangawasiyanitse, ndi wa zaka 18 ku Ulaya, wodzaza ndi zolaula ndi kukhapana. Dzina ndi lomwelo, mkanjo ndi womwewo, koma za m'kati zatalikirana monga kum'mawa ndi kumadzulo.

Tizindikirenso kuti oweruzawo sagwirizana nthawi zonse, pakuti Spider-Man yemweyo amene ku Ulaya ndi wa zaka 16, ku America ndi wa zaka 13. Ndipo ngati madera awiri a kutsidya kwa nyanja asiyana chomwecho, n'zosadabwitsa kuti kholo la kwa Mabuka kapena kwa Njema lingaone cholakwika pamene iwo sanaone kanthu, makamaka pa nkhani ya kavalidwe ndi ulemu kwa akuluakulu. Ndiponso palibe chizindikiro chimene chimayeza mawu a anthu achilendo amene mwana amacheza nawo pa intaneti sewero lili m'kati.

Mphamvu ya lamulo

Ku Britain, kuyambira mu 2012, wogulitsa sewero la 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika msinkhuwo amapalamula mlandu. Ku America n'zosiyana, pakuti mu 2011 bwalo lalikulu la milandu linathetsa lamulo la chigawo cha California loletsa malonda otere, ndipo masitolo amatsata zizindikirozo mwa kufuna kwawo.

Kuno kwathu lamulo loyang'anira zosangalatsa ndi la 1968, lotchedwa Censorship and Control of Entertainments Act, limene linakhazikitsa bungwe la Censorship Board ndi kulipatsa mphamvu yoona mafilimu, zisudzo, mabuku ndi nyimbo, yoletsa zosayenera, ndi yopereka chilolezo kwa malo oonetseramo zithunzi kwa anthu. M'nthawi ya chipani chimodzi bungweli linali loopedwa, ndipo mabuku ndi mafilimu ambiri analetsedwa pa zifukwa za ndale. N'chifukwa chake akuluakulu ena akamva za kuyang'anira zoonera amanyinyirika. Koma kuika malire a msinkhu n'kosiyana ndi kutseka pakamwa pa anthu, pakuti wamkulu amasiyidwa ndi ufulu wake wonse, wotetezedwa ndi mwana yekha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, amene amateteza ufulu wa kulankhula, ndi omwewonso amene mu ndime 23 amateteza ana ku zinthu zowononga maphunziro awo ndi kakulidwe kawo m'thupi, m'maganizo ndi mu mzimu; ndipo kuyambira mu 2017 mwana ndi munthu aliyense wosafika zaka 18.

Komabe lamulo la 1968 linalembedwa masewero otere asanalowe m'nyumba za anthu, ndipo zizindikiro zimene timaziona pa zikuto ndi za mabungwe a kunja. Choposa apo, masewero ambiri amafika kwa ife opanda chikuto n'komwe, atakopedwa pa fulashi kapena pa memore khadi, kapena atatumizidwa kuchokera pa foni ya mnzako, kotero kuti chenjezo limatsala m'njira, sewero lokha n'kufika.

Udindo wa aliyense

Nzeru yopatula zoonera potsata msinkhu si yachilendo pakati pathu, pakuti makolo athu, Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao omwe, sanali kuulula mwambo wa ku simba kwa mwana wosakhwima, osati chifukwa chakuti mwambowo unali woipa, koma chifukwa chakuti chinthu chilichonse chili ndi nyengo yake. Ndipo amene anali kulonda pa khomo sanali mlendo wa kutali koma anamkungwi, amalume ndi amfumu.

Kholo liyambe ndi kufunsa dzina la sewero, pakuti safunsa anadya phula. Dzinalo likadziwika, aliyense wokhala ndi foni ya intaneti, kaya ndi mphunzitsi kaya ndi mwana wamkulu wa pakhomo, angathe kulifufuza pa tsamba la PEGI kapena la ESRB ndi kupeza msinkhu ndi zifukwa zake. Pa foni ya Android, mu Play Store momwemo, pa zosankha za banja, muli malo oikapo nambala yachinsinsi ndi kusankha msinkhu umene mwana sangapitirire potsitsa masewero, ndipo makina a PlayStation nawonso ali ndi loko wotere. Loko ameneyu saletsa zimene zalowa kudzera pa memore khadi. Choncho palibe choposa kukhala pansi pambali pa mwanayo kwa kanthawi ndi kuona ndi maso zimene akusewera, osati mwaukali wakuti abise, koma mwa kufunsa kuti munthu uyu wamuphera chiyani, ndipo uyu walakwanji.

Mwini nyumba ya magemu, amene naye afunafuna chakudya cha ana ake, sataya kanthu akapatula nthawi: mpira, mipikisano ya magalimoto ndi masewero a 3 ndi 7 masana a Loweruka, a 16 ndi 18 kwa akuluakulu okha, ndipo mwana wa yunifolomu asalowe nthawi ya sukulu. Amfumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi loyang'anira ana angathe kupangana naye zimenezi poyera ndi kuzilemba m'malamulo a m'mudzi, popeza mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akakana kumva, nkhani ipite ku khonsolo ya Mulanje, imene imapereka ziphaso za malonda, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Ndipo ngati mwana waonetsedwa zolaula kapena wanyengereredwa ndi munthu wamkulu pa intaneti, imeneyo ndi nkhani ya apolisi, ndiponso pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Anthu amene amaika zizindikirozi anaona za m'kati mwa sewero, koma mwana wanu sanamuone. Sadziwa ngati ndi wamantha usiku, ngati ndi wofulumira kutsanzira, kapena ngati mng'ono wake wa zaka zisanu amakhala kumbuyo kwake akuonerera. Iwo apereka uphungu wawo, ndipo ndi uphungu woyenera kuumvera. Koma chigamulo chotsiriza chili ndi inu amene mumamudziwa mwanayo ndi dzina lake.